Makina Akanama, Amangidwa Ndani?

Tsiku lina m'kalasi langa la Fomu 4 ndidapereka samu ya chiwongoladzanja. Mnyamata wina, wochenjera ndithu, adabwera ndi yankho lonena kuti munthu wokongola K50,000 ayenera kubweza K5 miliyoni pakutha pa chaka. Nditamfunsa ngati zimenezi zidali zomveka m'mutu mwake, iye adandiyang'ana modabwa nati, "Koma aphunzitsi, makina atero." Anzake adaseka, inenso ndidaseka. Koma pobwerera kunyumba madzulo ake mawu aja adandikhala pamtima, pakuti ndidakumbukira kuti kudziko lina akuluakulu ophunzira bwino, pamodzi ndi maloya ndi oweruza milandu, adanenapo mawu omwewo kwa zaka zoposa 15, ndipo anthu osalakwa adalowa nawo m'ndende.

Nkhani imeneyi ndiyo ndifuna tikambirane lero, owerenga okondedwa. Idachitikira ku Britain, koma phunziro lake ndi la munthu aliyense amene dzina lake, malipiro ake kapena chiphaso chake zili m'makina a Boma.

Boma ligula, kampani isunga makiyi

Ntchito yaikulu ya Boma lililonse ndiyo kulemba ndi kuwerengera: wabadwa ndani, wakhoma msonkho ndani, alandire malipiro ndani, ndalama zalowa zingati ndipo zatuluka zingati. Kale zonsezi zinkalembedwa ndi makalaliki m'mabuku akuluakulu. Lero zili m'makompyuta. Tsono maboma ambiri sapanga okha mapulogalamu oyendetsera makompyutawo. Amaitana makampani a ntchito imeneyi, monga IBM, Oracle, SAP, Accenture ndi Fujitsu, nachita nawo mapangano a zaka zambiri.

Kampani yotere imagwira ntchito zitatu. Poyamba imalemba pulogalamu. Kachiwiri imaika makina m'maofesi ndi kuphunzitsa antchito kagwiritsidwe kake. Kachitatu imatsala ikusamala makinawo, kukonza pamene pavuta, ndi kusunga zolembedwa zonse. Mphamvu yeniyeni ili pa ntchito yachitatuyi, chifukwa Boma limalipira, koma wodziwa za m'kati mwa makinawo ndi kampani. Kuli ngati munthu amene wamangitsa nkhokwe, koma makwerero ndi kiyi wazisiya kwa mmisiri. Akafuna kudziwa kuti chimanga chatsala chochuluka bwanji, afunse mmisiriyo, ndipo akhulupirire zimene wauzidwa.

Palibe choipa pa kulemba ntchito mmisiri. Choipa chimabwera pamene mwini nkhokwe waleka kusuzumiramo yekha.

Mmene zidayambira

Ku Britain bungwe la Post Office ndi la Boma, koma nthambi zake zambiri, makamaka za m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, zimayendetsedwa ndi anthu wamba. Munthu amakhala ndi golosale yake, nachita pangano ndi Post Office kuti mbali ina ya sitoloyo ikhale positi ofesi. Kumeneko anthu amagula masitampa, amatumiza katundu, amalipira mabilu, ndipo okalamba amatengerako penshoni. Oyendetsa nthambiwa amakhala anthu odziwika ndi odalirika pamudzi, ndipo ambiri amaika chuma chawo chonse pa bizinesiyo.

M'chaka cha 1996 Boma la Britain lidapereka ntchito yoika makompyuta m'mapositi ofesi onse kwa kampani ya ICL, imene gawo lake lalikulu lidali m'manja mwa Fujitsu ya ku Japan. Cholinga chidali chakuti ndalama zothandizira anthu ovutika zizilipidwa ndi khadi m'malo mwa timabuku tapepala. Ntchitoyo idachedwa ndipo idavuta, kotero kuti m'chaka cha 1999 za khadi zija zidathetsedwa. Koma popeza ndalama zambiri zidali zitalowa kale, Post Office idapitiriza ndi mbali yotsalayo, ndiyo pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon. Kuyambira 1999 makinawo adafalitsidwa m'nthambi pafupifupi 18,000.

Pasadapite nthawi, ena mwa oyendetsa nthambi adayamba kuona zachilendo. Potseka mabuku, makina ankanena kuti m'kabati muyenera kukhala ndalama zakutizakuti, koma powerenga ndalama zenizenizo zinkaperewera. Kale munthu akadatenga malisiti ndi kutsata tsamba ndi tsamba mpaka atapeza pamene padalakwika. Koma tsopano umboni wonse udali m'makina, ndipo zambiri za m'katimo woyendetsa nthambi sankatha kuziona. Post Office inkaumirira kuti, monga mwa pangano, ndalama zikaperewera wobweza ndi woyendetsa nthambi.

"Ndinu nokha"

Woona vuto ankaimba foni ku ofesi yothandiza. Anthu ambiri pambuyo pake adachitira umboni kuti kumeneko, ndiponso kwa ofufuza a Post Office, ankauzidwa chinthu chimodzi: palibe wina amene akudandaula za makinawa, ndinu nokha. Taganizirani munthu wokhulupirika amene wawerenga ndalama zake kasanu, nauzidwa kuti m'dziko lonse wovutika ndi iye yekha. Ena adayamba kudzikayikira okha. Ena adakayikira antchito awo, ngakhale akazi awo ndi ana awo. Ambiri adatenga ndalama za m'thumba mwawo, ena adakongola, ena adagulitsa nyumba, kuti atseke dzenje limene silidali dzenje konse. Ena, poopa kutsekeredwa nthambi, adasaina kuti mabuku ali bwino pamene makina ankanena zina, ndipo kusainako kudasanduka mlandu wa kulemba mabuku mwachinyengo.

Chinthu china chidakulitsa tsokali. Post Office idali ndi ofufuza akeake ndi maloya akeake, ndipo ku England ndi ku Wales inkatha kuimba munthu mlandu yokha, osadzera kupolisi. Motero bungwe limodzi lomwelo lidali lodandaula, lofufuza, ndiponso lozenga mlandu, pamene lidalinso ndi chifukwa chachikulu chofunira kuti mbiri ya makina ake isaipe. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 adazengedwa milandu ya kuba kapena chinyengo, ndipo umboni waukulu udali manambala a Horizon.

Bambo Lee Castleton a ku Bridlington adakana kubweza mapaundi pafupifupi 25,000 amene makina ankati asowa. Post Office idawasumira, ndipo m'chaka cha 2007 adalamulidwa kulipiranso mapaundi 321,000 a ndalama zoyendetsera mlanduwo. Chuma chawo chonse chidathera pomwepo. Mayi Seema Misra a ku West Byfleet adaweruzidwa m'chaka cha 2010 kuti adaba mapaundi oposa 70,000, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 15 ali ndi pakati. Awa ndi awiri chabe mwa mazana.

Mwina mufunsa kuti, nanga oweruza adalekeranji kufunsa ngati makinawo adali olongosoka? Yankho lili m'malamulo. Lamulo la 1984 linkati wofuna kupereka umboni wochokera m'kompyuta ayambe wasonyeza kuti kompyutayo inkagwira bwino ntchito. M'chaka cha 1999, chaka chomwecho chimene Horizon idayamba, ndimeyo idachotsedwa. Kuyambira pamenepo bwalo linkangoyesa kuti makina ali bwino, pokhapokha woimbidwa mlandu atabweretsa umboni wotsutsa. Koma mwini golosale wa kumudzi akadautenga kuti umboni wotere, pamene zolembedwa zonse zidali m'manja mwa omuimba mlandu ndi kampani yawo?

Zimene zinkachitika m'kati

Pulogalamu ya kompyuta ndi malangizo olembedwa ndi anthu, mizere zikwi ndi zikwi. Monga wolemba kalata yaitali salephera kuphonya chilembo, olemba mapulogalamu nawonso amaphonya, ndipo palibe pulogalamu yaikulu imene ilibe zilema. Chitsanzo chimodzi chikwanira. Ku Dalmellington, m'dziko la Scotland, wogwira ntchito wina m'chaka cha 2015 ankalemba kuti walandira mapaundi 8,000 ochokera ku nthambi yaikulu kupita ku kanthambi kakang'ono. Makina adaima osayankha, ndipo iye adadina batani kachiwiri, kachitatu, kachinayi, monga aliyense wa ife akadachitira. Makinawo adalemba kudina kulikonse ngati ndalama zatsopano. Adalemba 32,000 m'malo mwa 8,000, ndipo mabuku adasonyeza kuti mapaundi 24,000 asowa. Palibe ndalama imene idachoka m'kabati, koma pa pepala padaoneka wakuba.

Chachiwiri ndi choopsa koposa. Kwa zaka zambiri Post Office inkauza oyendetsa nthambi, atolankhani ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti palibe munthu wakunja amene angasinthe mabuku a nthambi mwini wake osadziwa. Izi sizidali zoona. Amisiri a Fujitsu ku ofesi yawo ya ku Bracknell ankatha kulowa m'mabuku a nthambi iliyonse ali komweko ndi kusintha manambala. Kawirikawiri ankatero pofuna kukonza zolakwika, ndipo kukonza makina uli kutali si chachilendo pa ntchito imeneyi. Koma nyumba ikakhala ndi khomo lakuseri limene wina ali ndi kiyi wake, simunganene molimba mtima kuti chilichonse chosowa m'nyumbamo watenga ndi mlonda wa khomo lakumaso.

Mlandu suola

Munthu amene adakana kugonja ndi Bambo Alan Bates, amene ankayendetsa nthambi ya ku Craig-y-Don, ku Llandudno m'dziko la Wales. Iwo adakana kusainira manambala amene sadathe kuwatsimikiza, ndipo m'chaka cha 2003 Post Office idathetsa pangano lawo. Sadakhale chete. Adasunga mapepala awo onse nayamba kufunafuna anzawo. M'chaka cha 2009 magazini ya Computer Weekly idalemba nkhani ya oyendetsa nthambi asanu ndi awiri, ndipo chaka chomwecho ovutikawo adasonkhana m'holo ya mudzi wa Fenny Compton. Kumeneko aliyense adazindikira kuti sadali yekha.

M'chaka cha 2012, aphungu atakakamiza, Post Office idalemba ntchito akatswiri ofufuza mabuku a kampani ya Second Sight. Iwo adapeza zilema m'makinawo, ndipo m'chaka cha 2015 ntchito yawo idathetsedwa. Pamenepo anthu 555 adagwirizana nasumira Post Office ku bwalo lalikulu. M'mwezi wa December 2019 woweruza Fraser adagamula kuti Horizon idali ndi zilema zotha kusokoneza mabuku a nthambi, ndi kuti kusintha manambala kuchokera kutali kunkatheka. Kukana kwa Post Office adakufanizira ndi munthu wa masiku ano woumirira kuti dziko lapansi ndi lathyathyathya.

Odandaulawo adapatsidwa mapaundi pafupifupi 58 miliyoni, koma zochuluka zidapita kwa maloya ndi kwa amene adakongoza ndalama zoyendetsera mlandu, kotero kuti aliyense adatsala ndi pafupifupi 20,000 chabe. M'mwezi wa April 2021 bwalo la apilo lidafafaniza milandu ya anthu 39, kuphatikizapo Mayi Misra. Komabe anthu ambiri a ku Britain sadaidziwe bwino nkhaniyi kufikira January 2024, pamene wailesi ya kanema ya ITV idaonetsa sewero la Mr Bates vs The Post Office. Dziko lonse lidapsa mtima. Mayi Paula Vennells, amene adali mkulu wa Post Office kuyambira 2012 mpaka 2019, adabweza mendulo yaulemu imene adalandira. M'mwezi wa May 2024 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lofafaniza milandu yotsalayo pamodzi, chinthu chosachitikachitika m'dziko limenelo. Bambo Bates adapatsidwa ulemu wa Sir chaka chomwecho.

Makolo adati mlandu suola, ndipo n'zoona. Koma anthu amakalamba, ndipo ena amafa akudikira. Lipoti loyamba la kafukufuku wotsogozedwa ndi Sir Wyn Williams, lotuluka mu July 2025, lidati anthu osachepera 13 akuganiziridwa kuti adadzipha chifukwa cha nkhaniyi. Maukwati adatha, ana adanyozedwa kusukulu kuti ndi ana a mbala, ndipo ena adamwalira dzina lawo lisadayeretsedwe.

Khoswe wa pa mkhate

Nanga kampani ija? M'mwezi wa January 2024 mkulu wa Fujitsu ku Ulaya, Bambo Paul Patterson, adapepesa pamaso pa aphungu, navomera kuti kampaniyo ili ndi udindo wothandiza kulipira chipukuta misozi. Kampaniyo idanenanso kuti iyamba yaleka kupikisana nawo pa matenda atsopano a ntchito za Boma. Koma pofika pakati pa 2025 ndalama zoperekedwa kwa ovutikawo zidapitirira mapaundi 1 biliyoni, ndipo zidachokera ku thumba la Boma, ndiye kuti kwa okhoma msonkho. Chodabwitsa china n'chakuti m'chaka chomwecho cha 2025 Horizon idali ikugwirabe ntchito m'mapositi ofesi, ndipo Fujitsu idali ikulipidwabe poisamala. Post Office idayesa kupanga makina ena olowa m'malo, koma ntchitoyo idachedwa ndi kukwera mtengo, motero pangano lakale lidangowonjezedwa zaka.

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pulogalamu ikakhala m'ofesi ya Boma zaka 20, zolembedwa zonse zimasungidwa monga mwa kapangidwe kake, antchito onse adazolowera iyo, ndipo odziwa kuikonza ali ku kampani. Kuichotsa lero ndiko kutseka maofesi mawa. Apa ndipo pagona ngozi ya malonda amenewa: tsiku losaina pangano Boma limakhala bwana, koma zaka zikamapita limasanduka wopempha.

Sindikunena kuti makampani otere ndi oipa onse, kapena kuti tibwerere ku mabuku a makalaliki. Mabuku aja ankatayika, ankadyedwa ndi chiswe, ndipo ankabisa akuba ambiri. Ngakhale ku Britain, chilema cha makina pachokha sichikadamanga munthu. Adamanga anthu ndi akuluakulu amene adasankha kuteteza mbiri ya makina ndi ya bungwe lawo koposa kumvera wodandaula.

Nanga kwathu kuno?

Ife a ku Malawi nkhaniyi isatidutse ngati ya eni ake, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Boma lathu lidayamba kulipira ndalama zake kudzera m'makina a IFMIS m'chaka cha 2005. M'chaka cha 2013 kudaululika kuba kwa ndalama za Boma kumene tonse tikudziwa ndi dzina lakuti Cashgate. Anthu ena ankalowa m'makinawo, nalemba malipiro a makampani amene sadagulitse kanthu ku Boma, ndipo macheke akatuluka ankafafaniza zolembedwazo. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly, m'lipoti lawo loyamba la 2014, adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika kapena sizidalongosoke pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Maiko otithandiza adaimika thandizo lawo la ku bajeti, ndipo ululu wake udafika mpaka m'zipatala ndi m'sukulu.

Nkhani ziwirizi n'zosiyana. Ku Britain makina adalakwa, anthu osalakwa nasenza mlandu. Kwathu kuno anthu adaba, makina nakhala chobisalira chawo. Koma mafunso ake ndi amodzi. Ali ndi makiyi olowera m'katimo ndani? Akalowa nasintha nambala, kodi patsala phazi loti wina alitsate? Ndipo kodi alipo munthu wa Boma, wosadya nawo za kampani kapena za akuba, amene ali ndi nzeru ndi mphamvu zosuzumira m'nkhokwemo?

Boma logula makina mwanzeru limalemba mayankho a mafunso amenewa m'pangano lisadasaine. Limanenetsa kuti zolembedwa zonse ndi za Boma, ndipo lidzazitenga tsiku lililonse limene lifuna. Limafuna kuti chilema chilichonse chopezeka chizilembedwa ndi kuululidwa. Limafuna kuti aliyense wosintha nambala azisiya dzina lake ndi nthawi yake pamalo posafafanizika. Limalola ofufuza apadera kulowa osapempha chilolezo kwa kampani. Koposa zonse limaphunzitsa anthu akeake, kuti pasakhale tsiku limene lidzasowe wofunsa kupatula wogulitsa yemweyo.

Mawu kwa achinyamata ndi kwa aphunzitsi anzanga

Inu amene mwangomaliza sukulu, ambiri a inu mudzakhala kutsogolo kwa makina otere: ena pa kauntala ya banki, ena m'ofesi ya Boma, ena pa kabenchi ka ndalama za pafoni pamsika. Ena, ndikhulupirira, mudzakhala olemba mapulogalamuwo. Wa pa kauntala asunge kabuku kakekake ndi malisiti ake, monga adachitira Bambo Bates. Asasainire nambala imene sakuimvetsa, ngakhale bwana aumirire chotani. Akauzidwa kuti ndinu nokha, afunse anzake a ntchito yomweyo, pakuti mawu amenewo adasunga bodza zaka khumi. Wolemba mapulogalamu akumbukire kuti kuseri kwa mzere uliwonse kuli munthu amene angataye nyumba kapena ufulu, ndipo akapeza chilema achinene, ngakhale chichititse manyazi kampani yomulemba ntchito.

Ndipo ife aphunzitsi, amene malipiro athu omwe amatuluka m'makina a Boma, tili ndi gawo lathu. Tikamaphunzitsa samu, tisakhutire ndi yankho lokha. Tizifunsa mwana kuti wafikapo bwanji, ndipo ngati yankholo likugwirizana ndi nzeru za tsiku ndi tsiku. Mnyamata wanga uja ndidamuuza kuti abwereze samu ija pa pepala, sitepe ndi sitepe. Adapeza kuti adadina 100 pamene pankafunika kugawa ndi 100. Kuyambira tsiku limenelo amayamba wayerekeza yankho m'mutu asadakhudze makina. Tsiku lina mwina adzakhala woweruza milandu kapena mlembi wamkulu wa unduna, ndipo wina adzabwera kwa iye ndi pepala nati makina atero. Ndikhulupirira kuti adzamuuza kuti akhale pansi awerengere limodzi.